Mpata wa Chala Chimodzi

Chimene sichichoka m'makutu mwanga pa nthawi imene ija ndi kulira kwa ndowa. Inali ndowa ya lata, yakale, yopindika kukamwa. Akaitsitsa pa simenti m'mawa inkalira kuti ngwe, chigwiriro chake n'kugwera m'mbali kuti ngwe kachiwiri. Ndikamva zimenezo ndinkadziwa kuti a Nabanda afika, ayamba kukolopa. Ine ndimakhala ndili pa makwerero, masikuluu ali kukamwa. Sindinkacheuka n'komwe.

Abale anga, kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Sitefano, kwathu ndi ku Chiosya. Ntchito yanga ndi yomanga makoma a mabodi a jipisamu, aja okhala ngati choko m'kati koma okutidwa ndi pepala, amene masiku ano anthu akugawira zipinda m'mashopu ndi m'maofesi. Atcheyamani andipempha kuti lero ndiyankhule ine. Amene takhala limodzi pa gulu lino la osiya mowa mukudziwa kuti kuyankhula si mphatso yanga, ndiye mundipirire. Ndinena mmene zinayendera, popanda kudzikometsa.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, a Nangondo. Nyumba yathu inali ya dothi. Loweruka lililonse agogo ankazira pansi, ndipo gawo langa linali la m'mbali: kutsata ndi chala pamene khoma lakumana ndi pansi, kumata paliponse pamene pang'ambika. Ndikati ndamaliza, iwo ankagwada n'kuyendetsa kamtengo m'mbali monsemo. Kamtengoko kakalowa penapake, khutu langa linkadziwa.

"Ukufuna linthumbu litipeze pamphasa? Mpata ndi khomo la mphemvu, iwe."

Ndinakula ndikudziwa kuti nyumba ya munthu waukhondo ilibe mpata m'munsi mwa khoma. Zimenezi zinandilowa m'magazi.

Ndinakulanso ndili wosafunsa. Mwana wamasiye amazindikira msanga kuti mafunso amatopetsa anthu, ndiye amaphunzira ndi maso. Ndimo mmene ndinaphunzirira ntchito. Amene anandiphunzitsa ndi a Zulu, mmisiri wa ku Chipata amene amagwira ntchito kwambiri kuno ku boma. Ndinakhala nawo zaka zitatu, ndipo anandipatsa dzina loti Bambo Chete. Ndinkaona mmene amaimikira mafelemu a chitsulo, mmene amadulira bodi ndi mpeni kamodzi n'kuithyola pabondo, mmene amapakira fila polumikizira mpaka osaonekanso. Zonse ndinazitola.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkawadelera nacho. Akamaimika bodi, ankayamba aika kachidutswa ka bodi pansi, n'kukhazika bodi yaikuluyo pamwamba pake. Akamanga masikuluu ankasolola kachidutswako, pansi n'kutsala mpata woti chala chilowe. Kenaka ankabisa mpatawo ndi kathabwa ka m'munsi kaja, ka sikatingi. Mumtima ndinkati, akuluwa dzanja ali nalo, koma apa amachita ulesi. Akuthawa kulimbana ndi pansi pokwera ndi kutsika, ndiye akubisa ndi thabwa. Tsiku limene ndidzagwire yangayanga ndidzawaonetsa.

Sindinafunse. Zaka zitatu, tsiku lililonse ndikuona kachidutswa kaja, sindinatsegule pakamwa.

Yangayanga inabwera. Mayi Msiska, amene tonse timangowatchula kuti Anesi chifukwa anapuma pa ntchito ya unamwino, anagula shedi yakale ya fodya m'mbali mwa msewu wopita ku malire. Ankafuna kuigawa zipinda zisanu ndi zitatu, kuti madalaivala a malole ndi amalonda azigonamo. A Zulu anali ndi ntchito ina ku Lilongwe, ndiye anawauza kuti, "Tengani Bambo Chete, dzanja lake ndi langa."

Ndinagwira ntchito imeneyo ndi mtima wanga wonse. Bodi iliyonse ndinaikhazika pa simenti penipeni. Pamene pansi panali pokwera ndinkapala bodiyo ndi mpeni mpaka igwirizane. Kamng'alu kotsala ndinkakamata ndi fila, ndi chala, ngati mmene ndinkachitira kwa agogo. Sikatingi sindinaike, panalibe chobisa. Ndinangopaka mzere wa penti wakuda m'munsi. Anesi atabwera kudzaona, anawerama n'kuyendetsa chikhadabo.

"Amisiri, apa mphemvu ilowera pati? Ngakhale kuchipatala sitinali ndi makoma otere."

Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndatalika.

A Nabanda anali atalembedwa ntchito ine ndisanamalize. Kwawo ndi ku Mulanje. Anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, amunawo anamwalira, iwo n'kutsala ndi ana atatu. Anesi anawaphunzitsa kukolopa kwa kuchipatala: madzi ambiri, mankhwala, m'mawa ndi madzulo, mpaka m'makona. A Nabanda ankagwira ntchito mosaweramuka.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, Anesi anandiimbira foni.

"Amisiri, tabwerani mudzaone makoma anu."

Fungo linandichingamira pakhomo, fungo la zovala zimene zagonera m'madzi. M'munsi mwa khoma lililonse munali mutada. Nkhungu inali itakwera, kwina mpaka m'mawondo. Penti anali atatupa. Ndinagwada n'kukanikiza ndi chala, chalacho chinalowa ngati mu papaya lakupsa.

Ndili chogwada choncho, kachidutswa ka a Zulu kanandibwerera m'mutu. Palibe anachita kundiuza. Bodi ija ndi choko ndi pepala basi. Ukaikhazika pa simenti yonyowa, imakoka madzi ngati chingwe cha koloboyi chikamakoka parafini. Mpata uja sunali ulesi. Ndi umene umapulumutsa khoma.

Anesi anali ataima kumbuyo kwanga. A Nabanda anali pakhomo, chikolopa m'manja.

"Ndiye chachitika n'chiyani?" anafunsa Anesi. "Mabodi ake ndi achinyengo?"

Abale, apa ndi pamene ndinagwera. Osati ku mowa ayi, mowa unabwera pambuyo. Ndikanangonena kuti ndinalakwitsa ndine. Koma ndinaganiza kuti ndi ntchito yanga yoyamba, boma lathuli ndi laling'ono, pofika mawa ngakhale akabaza adzakhala akudziwa. Ndinadzuka, ndinasasa mawondo, ndinati:

"Mabodi ndi abwino, mayi. Kungoti safuna madzi. Amene amakolopa muno amathira madzi ambiri."

Anesi anatembenuka. "A Nabanda, mwamva?"

"Ndimakolopa mmene munandiuzira, mayi."

"Ndinakuuzani kuti musandutse nyumba yanga dambo?"

A Nabanda anayang'ana khoma, anayang'ana chikolopa chawo. Sabata isanathe Anesi anawachotsa ntchito. Ndinamva kwa mlonda wa pamenepo.

Mowa ndinkaulawa kale pa maukwati, koma tsiku limenelo ndinamwa ndi cholinga, kuti nkhope ya mayi aja pakhomo paja ichoke. Inkachoka kwa maola angapo, n'kubwerera. Ndiye ndinkaonjezera. Ntchito zina zinabwera, ndinayamba kufika mochedwa, kenaka kufika ndikununkha, kenaka osafika. Ndinagulitsa dirilu. Ndinagulitsa levulo, tepi, mpaka mpeni. Foni inapita. Nyumba ya lendi ananditulutsamo. Ndinayamba kusenza matumba pa malire, thumba kutsika m'lole, ine kulunjika kwa mayi wa kachasu. A Zulu anabwera kudzandifuna kawiri, ndinawaona patali n'kubisala kuseri kwa matayala a lole ngati galu wakuba. Tsiku lina ndinadzuka masana mu ngalande ya m'mbali mwa msewu, nsapato atandivula, ana a sukulu ataima akundiyang'ana.

Chaka chitatha ndinabwerera ku Chiosya, chifukwa kunalibenso kwina. Sabata yoyamba nkhuku ziwiri za agogo zinasowa. Sabata yachiwiri ndinakagulitsa khasu. Agogo sanandithamangitse, koma anayamba kugona ndi matumba awo kuchipinda, ndipo akamapita kuchigayo ankatseka chitseko ndi loko, ine ndili panja. Munthu amene anandiphunzitsa kuyenda ankandibisira makiyi m'chitenje.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwerera pano kudzanena.

Munali mu Juni. Mtedza wa agogo unali utakumbidwa, utauma, ukungodikira kuthothola. Imeneyo inali ntchito yanga, koma ine ndinali nditagona kuseri kwa nyumba ndikuwotha dzuwa, mutu ukugunda. Ndiye agogo anaitana amayi atatu aganyu, malipiro ake beseni la mtedza. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Cha m'ma teni agogo anandigunda ndi phazi.

"Dzuka. Ngati kuthothola kwakukanika, kanyamule matumba."

Ndinapita ndikukoka miyendo. Nditawerama kuti ndikweze thumba, mayi mmodzi anasiya mtedza.

"Kodi si amisiri awa?"

Mawuwo ndinawadziwa ndisanaone nkhope. Anali a Nabanda. Anali ataonda, chitenje chitazungulira kawiri. Anadzuka, anapukuta manja, anabwera pafupi n'kupinda mawondo. Ine ndinali ndi malaya ong'ambika pamsana, ndikununkha za dzulo, koma anandipindira mawondo.

"Amisiri, simunandiiwale? Ndine uja wa kwa Anesi."

"Sindinakuiwaleni, mayi."

"Ndakhala ndikulakalaka nditakuonani. Tsiku lija ndinasowa poyambira. Ntchito yanu inali yokongola, ine ndinaiononga. Ndinamva kuti chichitikireni zija simunagwirenso ntchito." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwetsa maso. "Mundikhululukire. Sindinkadziwa kuti mabodi aja amaopa madzi."

Mnzawo wina anati, "Ndiye awa ndi amisiri aja umanena aja?"

"Omwewa. Mukanaona makoma ake, inu. Osalala ngati mbale."

Ndinayang'ana manja awo. Anali ong'aluka, m'zikhadabo muli utomoni wakuda wa fodya umene suchoka ndi sopo. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi chakuti, "Ana ali bwanji?"

"Alipo. Tikukhala kwa mchemwali wanga pa esiteti apo. Wamkulu uja anasiyira Fomu 2, akusankha nane fodya." Anaseka pang'ono. "Ku boma ndinayesa kufunsa ntchito m'makomo, koma mbiri inali itanditsogolera. Amanditchula mayi wa madzi."

Abale, ndinatukwanidwapo pa malire, ndinamenyedwapo, apolisi anandikhazikapo pa benchi tsiku lathunthu. Palibe chinandipweteka ngati kupepesa kwa mayi ameneyu. Kwa chaka ndi miyezi inayi anali atasenza mlandu wanga, ndipo pamwamba pake ankadziimbanso mlandu woti ine ndasanduka chidakwa chifukwa cha iwo.

Ndinakweza thumba n'kulowa nalo m'nyumba. Agogo anali pambuyo panga.

"Tsitsa thumbalo. Mayi uja unamuchita chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Ndakulera ine. Nkhope imeneyo unali nayo tsiku unaswa mtsuko n'kunamizira galu."

Ndinakhala pa thumbalo n'kuwauza zonse. Kachidutswa ka a Zulu, chala changa kulowa m'khoma, mawu amene ndinanena. Pomaliza ndinati, "Ndinkangofuna kuti pasakhale mpata, ngati mmene munandiphunzitsira."

"Usandilowetsemo ine. Kuzira ndinakuphunzitsa, inde. Kunamizira mkazi wamasiye unakuphunzira kuti?"

Agogo analoza pakhomo.

"Tuluka ukamuuze."

"Ndiwauza mawa, ndikakhala bwino."

"Mawa ukhala utamwa. Pano."

Ndinatuluka n'kupita pa mtengo wa mango. Ndinakhala pansi, pafumbi, patsogolo pa amayi atatu aja. Ndinati, "Mayi, musandipepese. Makoma aja munalibe nawo mlandu. Bodi siyenera kukhudza pansi. Ine ndinaikhazika pa simenti. Ngakhale mukanakolopa ndi kansalu konyowa, ikanaola ndithu, mochedwerapo chabe."

A Nabanda sanasiye kuthothola. Anamaliza phata limene linali m'manja, analiponya pa mulu, anatenga lina.

"Munazindikira liti?"

"Tsiku lomwe lija."

"Ine ndili pakhomo paja?"

"Inde."

Anamaliza phata lachiwirilo. Kenaka anadzuka, anakutumula chitenje, ananyamula beseni lawo lisanadzaze.

"Ndiye ine chaka chonsechi ndimakupemphererani."

Anapita osatsanzika. Anzawo aja sanandiyang'anenso mpaka madzulo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti nditaulula mtima unapepuka. Sunapepuke. Thupi lonse linkafuna kachasu kuposa tsiku lina lililonse. Koma ndinaona chinthu chimodzi: kuulula pansi pa mango sikunabwezere mayi aja ntchito, sikunabwezere mwana wawo ku sukulu. Amene ankayenera kumva ndi Anesi. Ndipo Anesi sakanamvera chidakwa chonjenjemera. Ndiye kusiya mowa kwa ine sikunayambe ndi kudzikonda ayi. Ndinkafuna pakamwa poti munthu angapakhulupirire.

Masiku oyamba anali oipa. Manja ankanjenjemera moti phala ankachita kundigwirira agogo. Tsiku lachitatu ndinayamba kuona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo agogo anapempha wa njinga anditengere ku chipatala cha mishoni ku Guilleme. Amene mukuyamba kumene, mverani apa: kunjenjemera kukafika pamenepo musalimbe nako nokha, pitani kuchipatala, si zamanyazi. Nditabwerako ndinasintha njira. Kuchokera kwathu kupita kumsika, njira yaifupi imadutsa pakhomo pa mayi wa kachasu. Ndinayamba kuzungulira kudambo. Patatha masabata awiri ndinagwa, pa maliro, munthu atangondipatsira kapu. M'mawa mwake ndinayambiranso kuwerenga pa tsiku loyamba. Sindinagwenso kuchokera pamenepo.

Patatha mwezi ndinakwera matola kupita ku boma kukafuna a Zulu. Ndinawapeza akugawa shopu ina ya mankhwala a mbewu. Anandiyang'ana nthawi yaitali ali pa makwerero.

"Bambo Chete. Ndimayesa unafa."

"A Zulu, ndili ndi funso."

"Iwe? Funso?" Anatsika. "Lekani ndikhale pansi."

"Chifukwa chiyani mumasiya mpata m'munsi mwa bodi?"

Sanaseke. Za kwa Anesi anali atazimva, ndipo atapita kukaona okha. Ankadziwa.

"Zaka zitatu, manje ndiye ufunsa."

"Nanga inu simunandiuze bwanji?"

Anakanda m'mutu. "Maso ako anandinamiza. Ndinkati uyu aona zonse." Anatola kachidutswa pansi n'kundionetsa. "Choyamba madzi, zimenezo waziona wekha. Chachiwiri, nyumba siima chilili. Kukatentha ifutukuka, kukazizira ibwerera. Bodi ikakanirira pansi ilibe kothawira, ing'ambika polumikizira. Chala chimodzi chabe. Sikatingi ndiye itsekera mphemvu zako zija."

Ndinawauza za a Nabanda. Apo nkhope inasintha.

"Kuola kwa khoma ndi sukulu, tonse tinaonongapo. Koma icho unachita kwa mayi uja si cha ntchito yathu."

Anandilola kubwerera, osati ngati mmisiri koma wonyamula mabodi ndi kusakaniza fila. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asamandipatse ndalama m'manja. Chakudya ankandigulira okha, zotsalazo ankandisungira mabodi, fila ndi matabwa a sikatingi. Ndalama m'thumba mwa munthu ngati ine ili ndi miyendo, ndipo njira yake imaidziwa. Ngati muli ndi munthu amene mumamukhulupirira, muchite chimodzimodzi.

Kwa Anesi tinapita awiri, Lamlungu masana atabwera kutchalitchi. Zipinda zinayi anali atazitseka. Zinazo kalipentala wina anali atakhomamo mapulayiwudi m'munsi, koma fungo linali lomwe lija. Ndinanena zonse ndili chiimire. A Zulu anangovomereza ndi mutu.

Anesi anatembenukira kwa ine.

"Makomawa ndi zinthu chabe," anatero. "Koma inu mwandichimwitsa. Ndinathamangitsa munthu wosalakwa, wa ana atatu, chifukwa cha pakamwa panu. Ndinakamunenanso kwa anzanga kuti asamulembe. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndiye mwabwera kudzatani?"

"Kudzakonza. Zipangizo ndi zanga, ntchito ndi yanga. Koma choyamba a Nabanda abwerere."

"Musandiuze choyamba m'nyumba mwanga." Analoza pakhomo. "Simugwira khoma langa mpaka mayi uja atalowa pakhomo apa. Akakana, inunso musadzabwerenso."

A Nabanda anakana. Uthenga woyamba anaubweza, wachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu Anesi anakwera njinga yamoto okha, pa msinkhu wawo uja, mpaka pa esiteti. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangouzidwa zimene a Nabanda anafuna: kuti dzina lawo liyeretsedwe komwe linadetsedwa. Anesi anakanena pa msonkhano wa amayi kutchalitchi kwawo. Ine ndinapatsidwa mndandanda wa makomo asanu amene anawakaniza ntchito. Ndinayenda khomo ndi khomo, kugogoda, kunena kuti mmisiri amene anaoletsa nyumba ya Anesi ndine, mayi aja analibe mlandu. Pakhomo lina bambo wake anandiseka mpaka anaitana mkazi wake kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Dzina limene ndinkaliteteza lija linathera pamenepo. Sindinafe nazo.

A Nabanda anayamba ntchito Lolemba, ine Lachiwiri.

Kukonza khoma loola kumafuna kufatsa kuposa kumanga latsopano. Ndinkayamba ndi kufufuza pamene bodi idakali yolimba, n'kukwera pang'ono pamwamba pake, kujambula mzere ndi levulo ya a Zulu kuzungulira chipinda chonse. Ndinkadula motsata mzerewo n'kuchotsa zoolazo, kamwa ndi mphuno nditamanga kansalu chifukwa nkhungu ija imalowa m'chifuwa. Mafelemu ndinkawapala dzimbiri, n'kusiya chipinda chotsegula masiku atatu kuti chiume. Apa ndi pamene ambiri amathamanga. Ukatsekera chinyontho m'kati, wangokwirira matenda. Kenaka bodi yatsopano, kachidutswa pansi, masikuluu, kusolola kachidutswa. Makoma oyandikana ndi bafa ndinaikamo bodi yobiriwira ija, yopirira chinyontho, koma nayonso ndinaikweza. Polumikizira tepi ndi fila, kudikira ziume, kupala, kubwerezanso. Pomaliza sikatingi, yokhomera ku khoma, yopakidwa penti mbali zonse isanakhomedwe.

Ndikuuzeni zoona, nthawi yoyamba kusolola kachidutswa kaja n'kuona mpata uli yasa, chala changa chinayabwa kufuna kumata. Ndinachita kuika dzanja m'thumba.

M'mawa uliwonse ndinkati, "Mwadzuka bwanji, mayi?" A Nabanda sankayankha. Ankasesa fumbi langa, ankakolopa mpaka pamapazi anga, ine n'kusuntha, iwo n'kupitiriza ngati asuntha mpando. Chipinda choyamba chitatha, ndisanakhome sikatingi, analowa n'kuthira madzi ambiri kuposa kale lonse, dala. Anadikira. Kenaka anagwada, anasuzumira pansi pa bodi, anaigwira ndi kuseri kwa dzanja. Inali youma. Anadzuka n'kutuluka.

Ntchitoyo inatenga masabata asanu ndi awiri, chifukwa alendo ankagona m'zipinda zina ine ndikukonza zina. M'kati mwa masabata amenewo mwana wawo wamkulu anabwerera ku sukulu. Ndinamuona tsiku lina atavala yunifolomu, atabwera kudzatenga kiyi kwa mayi ake. Anabwerera Fomu 2 yomweyo, anzake ali patsogolo. Chaka chimenecho palibe fila amene angachimate. Ndimakhala nacho.

Ndiye inu amene mwakhala apa, ine sindikudziwa chimene mukumwera. Ena mwina mulibe chifukwa, mowa unangokukondani. Koma ngati pali munthu kwinakwake amene akusenza katundu wanu pamene inu muli pa benchi ya kachasu, mukumudziwa. Pamene ndikuyankhula pano nkhope yake yakubwererani. Musadikire kuti mtima upepuke kaye. Pitani mukadali olemedwa. Ndipo musapite kukapempha kuti akukhululukireni, chifukwa kumeneko ndi kumupatsanso ntchito ina. Pitani mukabweze chimene chingabwezeke. Amene muli pa ntchito za manja, funsani. Ngakhale akusekeni, funsani.

Tsiku lomaliza ndinakhoma sikatingi ya chipinda cha nambala eyiti dzuwa lili paliwombo. Ndinasesa, ndinalongedza zida za a Zulu m'thumba, ndinakhala pakhonde kudikira Anesi kuti adzaone. Chakudya ndinalibe, masiku onsewo ndinkadya madzulo kwa a Zulu. Ndinatsamira chipilala n'kutseka maso.

Nditatsegula, a Nabanda anali ataima patsogolo panga ndi mbale yovundikira. Ndinafuna kudzuka.

"Khalani."

Anandiika mbaleyo m'manja. Inali yotentha. Munali mbatata zitatu zophika.

"Sikuti zatha ayi," anatero. "Koma masabata onsewa sindinakuoneni mukudya. Mbaleyo ndi ya Anesi, muitsuke."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.